Buzzer ikungolira mawu amodzimodzi ngakhale ndikutembenuza potentiometer pa Arduino Uno

Wophunzira

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kuti ndikamatembenuza potentiometer mawu a buzzer azisintha, kuchoka pa besi mpaka kufika pa mawu opyapyala. Ndili ndi Arduino Uno (kabolodi kolemberapo pulogalamu), potentiometer (resistor yotembenuza ndi dzanja) yolembedwa B10K, breadboard, ndi kabuzzer kakuda kobulungira ka miyendo iwiri, ka mamilimita 12. Miyendo ya m'mbali ya potentiometer ili ku 5V ndi ku GND (mbali ya minus), wapakati uli ku pini ya A0. Buzzer ili pa pini 9, mwendo wake winawo ku GND, palibe china chilichonse pakati. Pulogalamu yake ndi iyi:

```
void loop() {
  int nambala = analogRead(A0);
  analogWrite(9, nambala / 4);
}
```

Pa Serial Monitor manambala akuyenda bwinobwino kuchoka pa 0 kufika pa 1023, ndiye potentiometer ndikuona ngati ilibe vuto. Koma buzzer ikungolira mawu amodzimodzi. Chimene chikusintha ndi mphamvu yake yokha: kumayambiriro ili chete, pakati ikulira kwambiri, kenako ikuyambanso kuzilala mpaka kukhala chete kumapeto. Ndikaisiya kumapetoko kanthawi, ikufunda ndikaigwira. Chalakwika n'chiyani? Funso lachiwiri, kodi n'zotheka kuti potentiometer yomweyo izisinthanso voliyumu?

Chiphaliwali

A Wophunzira, musanachite china chilichonse, zulani buzzer pa pini 9. Kufunda mukunenako si kwabwino, ndipo chimene chikuvutika kwambiri ndi pini ya Arduino, osati buzzer.

Vuto la mawu lili pa analogWrite. Lamuloli silisintha frequency, kutanthauza maulendo amene magetsi amayaka ndi kuzima pa sekondi, amene amachititsa mawu kukhala a besi kapena opyapyala. Pa pini 9 ya Uno limayatsa ndi kuzimitsa magetsi pafupifupi ka 490 pa sekondi, kaya mwalipatsa 10 kaya 200. Chimene nambala ija imasintha ndi kutalika kwa nthawi imene pini ili yoyaka pa ulendo uliwonse. Pa 0 pini ndi yozima nthawi zonse, pa 255 ndi yoyaka nthawi zonse, pa 127 ndi theka ndi theka. Buzzer imalira pokhapokha magetsi akamasinthasintha, n'chifukwa chake ikulira kwambiri pakati n'kukhala chete kumathero onse awiri. Ndipo kumathero a 255 magetsi akungodutsa mu koilo (waya wozengedwa m'kati mwa buzzer) osapuma, mpomwe pakuchokera kutentha.

Zimene mwafotokozazi zikusonyezanso mtundu wa buzzer yanu, koma ndi bwino kutsimikiza chifukwa zimafanana kwambiri maonekedwe. Pali ya active, imene ili ndi kachipangizo kake m'kati kopangira mawu: mukangoipatsa 5V imalira yokha pa frequency imodzi, nthawi zambiri pakati pa 2000 ndi 3000 Hz, ndipo simungaisinthe mawu mwanjira iliyonse yomveka bwino. Pali ya passive, imene ilibe kachipangizo kameneko m'kati, imayembekezera inu kuti muipatse frequency. Khudzitsani miyendo yake ku 5V ndi GND kwa kamphindi kochepa chabe. Ikalira mosalekeza ndi active. Ikangomveka kaphokoso kamodzi pokhudzitsa ndi kena pochotsa, ndi passive. Anthu amanena kuti ya active imakhala ndi kapepala komata pamwamba ndi phula lakuda pansi, pomwe ya passive imaonetsa kabolodi kobiriwira pansi. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho, koma musadalire maso okha.

Ya passive nayonso ili pawiri. Yezani ndi multimeter pa ma ohm. Ikaonetsa nambala yaing'ono ngati 16 kapena 42, ndi ya koilo ndi maginito. Ikapanda kuonetsa kanthu, ngati kuti waya ndi woduka, ndi ya piezo. Kusiyanaku n'kofunika chifukwa pini ya ATmega328P, chipu cha pa Uno, imafuna kuti musaipyoletse 20 mA, ndipo 40 mA ndi malire enieni amene ikawadutsa ingawonongeke. Koilo ya ma ohm 16 pa 5V, mukawerengera papepala, ikufuna 312 mA. Pini singatulutse zonsezo, magetsi ake amagwa, koma zimene ikutulutsazo zadutsa kale malire. Ikani resistor pakati pa pini ndi buzzer. Ya ma ohm 220 kuphatikiza 16 ya koilo ikupereka pafupifupi 21 mA, ya 330 ikupereka pafupifupi 14 mA. Yambani ndi 330.

Lamulo loyenera ndi tone. Silifuna pini ya PWM (yogwira ndi analogWrite), pini iliyonse ya digital imatheka, ndiye sunthirani buzzer pa pini 8 kuti pini 9 ipume:

```
const int BUZZER = 8;

void setup() {
  pinMode(BUZZER, OUTPUT);
}

void loop() {
  int nambala = analogRead(A0);
  int freq = map(nambala, 0, 1023, 200, 2000);
  tone(BUZZER, freq);
  delay(20);
}
```

Pa Uno tone imayambira pa 31 Hz, koma musataye nthawi ndi manambala a pansi pa 150 kapena 200, kabuzzer kakang'ono chonchi kamangomveka ngati kakugogoda. Dziwaninso kuti tone imagwiritsa ntchito Timer2, chowerengera nthawi cha m'kati mwa chipu, ndiye ikamalira analogWrite pa pini 3 ndi 11 imasokonekera. Ngati mudzawonjezere LED yoti izichepa ndi kukula kuwala, iikeni pa 5, 6, 9 kapena 10.

Wophunzira

Zikomo kwambiri a Chiphaliwali. Multimeter yaonetsa pafupifupi ma ohm 16, ndipo pa 5V ikungomveka kaphokoso kamodzi. Ndaika 330 ndi pulogalamu mwaperekayi, mawu tsopano akukwera ndi kutsika. Kwatsala zinayi. Mawu achepa mphamvu kwambiri, munthu akakhala patali pang'ono sakumva. Ngakhale ndisaikhudze potentiometer, mawu akunjenjemera ndipo nthawi zina akusasa. Kumayambiriro ndikangotembenuza pang'ono mawu akudumpha kwambiri, koma theka lonse lomaliza likumveka ngati mawu amodzi. Chomaliza, ndikafika kumapeto cha ku 2000 ikulira mwamphamvu kuposa pena paliponse, pomwe sindinasinthe kanthu pa mawaya.

Gologolo

Nditengeko la mphamvu, enawo ena awonjezera.

Resistor ya 330 imene a Chiphaliwali anena ndi yopulumutsira pini, siyoti buzzer ilire bwino. Werengerani: mwa ma ohm 346 onse, koilo ili ndi 16 okha, kutanthauza kuti pa 5V ija buzzer ikulandira ochepera kota la volt imodzi, ena onse akuthera mu resistor. Musachepetse resistor kuti mawu akule, mubwerera pomwe munachokera. Pini isiye kunyamula katundu, ntchito yake ikhale yongotsegula ndi kutseka transistor, magetsi enieni achokere ku 5V.

Mufuna transistor ya NPN monga S8050 kapena PN2222, resistor ya 1k, resistor ina ya ma ohm 47, ndi diode ya 1N4148. Kuchoka pa pini 8 dutsani mu 1k kupita ku base. Emitter ipite ku GND. Collector ipite ku mwendo wa minus wa buzzer. Mwendo wa plus wa buzzer udutse mu 47 ija kupita ku 5V. Diode ikhale pakati pa miyendo iwiri ya buzzer, mbali imene ili ndi kamzere ikhale ku plus.

Manambala ake ali motere. Ku base kukupita 5 kuchotsa 0.7, kugawa ndi 1000, pafupifupi 4.3 mA, zimene pini sizimva n'komwe. Mu buzzer mukudutsa 5 kugawa ndi 63, osakwana 80 mA pamene transistor ili yotsegula, ndipo popeza tone imayatsa theka la nthawi, pa avareji ndi theka la zimenezo. Poyerekeza ndi 14 mA mwakhala nayo, kusiyana kwake mukumva ndi makutu. Ya 47 ija musaichotse. Mabuzzer ambiri a ma ohm 16 anapangidwira magetsi ochepa, 1.5V kapena 3V, ndipo mukawapatsa 5V yonse amalira mokweza kwa kanthawi kenako koilo imapsa. A ma ohm 42 ndiwo nthawi zambiri amapirira 5V mwachindunji.

BC547 imagwiranso ntchito pano koma malire ake ndi 100 mA, ndiye ili pafupi ndi m'mphepete. Chimene chimagwetsa anthu ambiri pa iyo ndi dongosolo la miyendo. Mukaigwira mbali yafulati ikuyang'ana inu, miyendo pansi, BC547 imayenda collector, base, emitter kuchokera kumanzere, pomwe S8050 ndi PN2222 zimayenda emitter, base, collector. Mukaitembenuza siipsa nthawi yomweyo, imangogwira ntchito mofooka, buzzer n'kumalira pang'onopang'ono, inu n'kumaganiza kuti vuto lili kwina. Onani datasheet ya nambala yeniyeni yolembedwa pa transistor yanu, chifukwa ngakhale m'banja la 2222 muli zina zotembenuka.

Diode ntchito yake ndi iyi: koilo siilola kuti magetsi adulidwe mwadzidzidzi. Transistor ikatseka, koilo imabweza magetsi okwera kuposa 5V kwa kanthawi kochepa kwambiri, ndipo pa 2000 Hz zimenezi zikuchitika ka 2000 pa sekondi. Diode imawapatsa njira yozungulira mu koilo momwemo m'malo moti agunde transistor. Mukaiika chozondoka, transistor ikatsegula magetsi ena amadutsa mu diode kulambalala buzzer, mawu amachepa ndipo transistor imakhala yosatetezeka. 1N4007 ingalowe m'malo ngati ndi imene muli nayo.

Kwa amene akuwerenga ali ndi ya piezo: imeneyo imakoka magetsi ochepa, ikhoza kukhala pa pini ndi resistor ya ma ohm 100 basi. Mukaiika pa transistor ngati mmene ndafotokozeramu imalira mofooka modabwitsa, chifukwa piezo ili ngati capacitor, ikadzaza ilibe potulutsira. Pamenepo m'malo mwa diode pamafunika resistor ya 1k pakati pa miyendo yake iwiri.

Chinanso chimene chikukhudza kunjenjemera kwa mawu, makamaka mukaika transistor: musalole kuti emitter ndi mwendo wa GND wa potentiometer zigawane waya mmodzi wobwerera ku Arduino. Mawaya a breadboard ndi tizitsulo take tili ndi resistance yochepa koma siili ziro. 80 mA ikamadutsa ndi kusiya mu waya ameneyo, GND ya potentiometer imakwera ndi kutsika ndi ma millivolt angapo, pomwe sitepe imodzi ya analogRead ndi 4.9 mV yokha. Uno ili ndi mapini atatu a GND. Potentiometer ipatseni yakeyake, buzzer yakeyake. Ikaninso capacitor ya 100 µF pakati pa 5V ndi GND pafupi ndi buzzer, mbali ya kamzere ku GND.

Kambalame

Zimene a Gologolo anena za GND n'zoona, koma ngakhale mawaya akhale abwino chotani, analogRead imavinabe ndi nambala imodzi kapena ziwiri. Ndi mmene ADC, gawo losandutsa magetsi kukhala nambala, imakhalira. Pa map yanu ya 200 mpaka 2000, sitepe iliyonse ndi pafupifupi 1.76 Hz. Masitepe awiri ndi 3.5 Hz. Pa 2000 Hz palibe angamve, koma pa 200 Hz kumeneko ndi kusintha kwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a semitone (mtunda wa pakati pa makiyi awiri oyandikana pa piyano), ndipo khutu limamva bwino lomwe. Kumeneko ndiko kunjenjemera.

Kusasa kuli ndi chifukwa china. tone imakonza Timer2 kuti iziwerenga kuchoka pa 0 kufika pa nambala inayake, ikafika itembenuze pini n'kuyambiranso. Mukaitananso tone ndi frequency ina, nambala yofikira ija imasinthidwa timer ili m'kati mowerenga. Ikapezeka kuti yadutsa kale nambala yatsopanoyo, imapitirira mpaka 255 isanabwerere, ndipo ulendo umodzi umenewo umatalika kuposa anzake. Kamodzi simungamve, koma pulogalamu yanu ikuitana tone ka 50 pa sekondi ndi manambala ovinavina. Mankhwala ake ndi kusaitana tone pokhapokha potentiometer yasunthadi.

Yambani ndi capacitor ya 100 nF, yolembedwa 104, pakati pa A0 ndi GND. Ndi potentiometer ya 10k siichedwetsa kanthu koti dzanja n'kumva, kuchedwa kwake sikufika ngakhale millisecond imodzi. Kenako mu pulogalamu werengani kangapo n'kutenga avareji, ndipo ikani mpata woti kusintha kochepa kuzinyalanyazidwa.

Tsopano la theka lomaliza lomveka ngati mawu amodzi. Limeneli si vuto la chipangizo, ndi khutu la munthu. Khutu silimva kusiyana kwa ma hertz, limamva kuchulukitsa. Kuchoka pa 200 kufika pa 400 ndi octave imodzi. Kuchoka pa 1000 kufika pa 2000 ndi octave imodzinso, khutu limati mtunda ndi womwewo. Koma map imagawa ma hertz mofanana, ndiye octave yoyamba ija yapanikizidwa mu 11% ya kuzungulira kwa potentiometer, pomwe yomaliza yatenga 55%. Pamafunika kuti frequency izichulukitsidwa, osati kuwonjezeredwa:

```
const int BUZZER = 8;
int yakale = -100;

void setup() {
  pinMode(BUZZER, OUTPUT);
}

void loop() {
  long zonse = 0;
  for (int i = 0; i < 16; i++) zonse += analogRead(A0);
  int nambala = zonse / 16;

  if (abs(nambala - yakale) >= 4) {
    yakale = nambala;
    if (nambala < 12) {
      noTone(BUZZER);
    } else {
      tone(BUZZER, 220.0 * pow(2.0, nambala * 3.0 / 1023.0));
    }
  }
}
```

Apa mukuchoka pa 220 Hz kufika pa 1760 Hz, ma octave atatu, iliyonse yatenga gawo lofanana la kuzungulira. Kuwerenga ka 16 kumatenga ma millisecond osakwana awiri chifukwa analogRead imodzi ndi pafupifupi ma microsecond 100, ndiye delay sikufunikanso. Mpata wa 4 si waukulu: ma semitone 36 pa masitepe 1023 ndi masitepe 28 pa semitone, 4 ndi gawo limodzi mwa asanu ndi awiri. Mukaona kuti mawu akusinthabe okha, kwezani kufika pa 6. Pansi pa 12 ndaika chete dala, kuti potentiometer ikhalenso ndi pozimitsira. Samalani kuti mwalemba 3.0 ndi 1023.0 ndi madontho ake. Mukalemba 3 ndi 1023 chabe, kugawa kumataya zotsala, ndipo mumva mawu anayi okha odumphadumpha.

Wina angakuuzeni kuti mugule potentiometer yolembedwa A10K, ya mtundu wa mu wailesi, kuti ikonze zimenezi. Sindikulimbikitsa. Zotsika mtengo zambiri si za logarithm yeniyeni, ndi mizere iwiri yowongoka yolumikizidwa pakati, ndipo pa mawu malo olumikizirawo amamveka. B10K yanu ndi yoyenera, kupinda kuchitike mu pulogalamu.

Ngati mukufuna manotsi enieni a nyimbo m'malo mwa mawu oterereka, ikani mndandanda: 262, 294, 330, 349, 392, 440, 494, 523, kuchoka pa C kufika pa C wapamwamba. Posankha notsi gwiritsani nambala * 8 / 1024, imene imapereka 0 mpaka 7 m'magawo ofanana. map(nambala, 0, 1023, 0, 7) imaoneka yolondola koma 7 imangotuluka pa 1023 penipeni, ndipo potentiometer ikamafika pa 1021 pokha notsi yomaliza simudzaimva. Mukachulukitsa manotsi kufika 36 kapena 48, kumbukirani kuti int pa Uno imathera pa 32767, ndipo 1023 kuchulukitsa ndi 36 yadutsa kale. Lembani 36L kuti masamu achitike mu long.

Pomaliza, kumtunda kuli malire amene pulogalamu iyi singawachotse. Timer2 ndi ya 8-bit. Pa 2000 Hz imagawa 16 MHz ndi 32 n'kuwerenga masitepe 125, ndipo frequency yoyandikana nayo, ya masitepe 126, ndi 1984 Hz. Pakati pake palibe china. Mukamatembenuza pang'onopang'ono kumtundako mudzamva timasitepe. Pa alamu kapena choseweretsa zilibe kanthu.

Chiphaliwali

Kwatsala kulira mwamphamvu cha ku 2000 ndi funso la voliyumu lija.

Loyambalo ndi resonance. Kachitsulo konjenjemera ka m'kati ndi chibowo cha pamwamba zinapangidwa kuti zizilira kwambiri pa frequency imodzi, ndipo pa mabuzzer a koilo a mamilimita 12 nthawi zambiri imakhala cha pa 2048 Hz. Mukatalikira pamenepo mphamvu imagwa msanga. Buzzer anaipangira kuchenjeza, osati kuimba. Ngati mukufuna mawu ofanana mphamvu kuchoka pa besi mpaka pamwamba, ikani kasipika ka ma ohm 8 pa transistor yomweyo, resistor ya 47 ikhalebe.

Za voliyumu, potentiometer imodzi imapereka nambala imodzi. Mukhoza kuilamula kuti mawu akamakwera voliyumu izikweranso, koma kuti muzisintha chilichonse pachokha pamafunika yachiwiri. Ndipo tone ilibe voliyumu, imatulutsa theka loyaka theka lozima basi.

Njira yosavuta siikhudza pulogalamu. Ikani potentiometer yachiwiri pakati pa resistor ya 47 ndi buzzer, pogwiritsa ntchito mwendo wapakati ndi umodzi wa m'mbali. Ikhale ya ma ohm 500 kapena 1k. Ya 10k pamenepa siithandiza, mawu amatheratu mukangotembenuza pang'ono ndipo kotsalako konse kumakhala chete. Ya 47 isachoke, chifukwa potentiometer ikafika pa ziro ndiyo yokha yotsala yoteteza koilo.

Njira ya pulogalamu ndi kubwerera ku chimene munachiona tsiku loyamba, kuti kutalika kwa nthawi yoyaka kumasintha mphamvu, koma tsopano muli ndi ulamuliro pa frequency. Timer1 ndi ya 16-bit ndipo imalola zonse ziwiri pa pini 9, ndiye waya wopita ku base ya transistor uchoke pa pini 8 upite pa 9:

```
void setup() {
  pinMode(9, OUTPUT);
  TCCR1A = _BV(COM1A1) | _BV(WGM11);
  TCCR1B = _BV(WGM13) | _BV(WGM12) | _BV(CS11);
}

void lira(unsigned int freq, byte mphamvu) {
  unsigned int denga = 2000000UL / freq - 1;
  ICR1 = denga;
  OCR1A = (unsigned long)denga * mphamvu / 100;
  if (TCNT1 > denga) TCNT1 = 0;
}
```

Timer ikuwerenga ka 2,000,000 pa sekondi, ndiye pa 2000 Hz ili ndi masitepe 1000, ndipo timasitepe anena a Kambalame tija timachepera pa 2 Hz. Mzere womalizawo musausiye: popanda iwo, timer ikadutsa denga latsopano imapitirira mpaka 65535, kumene ndi kudukiza kwa ma millisecond oposa 30. Mphamvu ikhale pakati pa 1 ndi 50, kupyola 50 mawu amayambanso kuchepa koma koilo ikutentha kwambiri. Kusintha kwake sikuyenda mowongoka. Pa 25 mawu amangotsika pang'ono poyerekeza ndi pa 50, kutsika kwenikweni kumamveka pansi pa 10, ndiye potentiometer yachiwiri pa A1 muipatse malo ambiri kumunsiko. Mawu amasinthanso kamvekedwe, amapyapyala akamachepa. Pa 0 pamatsalabe kaphokoso kakang'ono chifukwa timer imatulutsabe kamphindi kamodzi pa ulendo uliwonse, ndiye pozimitsa chotsani COM1A1 mu TCCR1A n'kulemba LOW pa pini. Library ya Servo imagwiritsanso ntchito Timer1, ziwirizi sizingayendere limodzi pa Uno.

Nthiwatiwa

Kachenjezo kwa amene ali ndi buzzer ya pa kabolodi ka miyendo itatu, VCC, GND ndi I/O. Transistor ili kale pamenepo, koma pa timabolodi tambiri ndi ya PNP, imatsegula pini ikakhala LOW. noTone imasiya pini pa LOW. Ndiye mawu amasiya koma magetsi akudutsabe mu koilo mosalekeza, buzzer n'kumatentha mwakachetechete. Pa timabolodi totere lembani digitalWrite(BUZZER, HIGH) mukangotha noTone, komanso mu setup.

Amene apeza kuti yawo ndi ya active asaitaye. Mawu ake sasintha koma potentiometer ingasinthe liwiro la kulira ndi kusiya. Sandutsani nambala kukhala nthawi, mwachitsanzo ma millisecond 50 mpaka 1000, n'kumatembenuza pini nthawiyo ikakwana poyang'ana millis. Mukagwiritsa delay, potentiometer imawerengedwa pokhapokha delay yatha, ndiye mukaitembenuza ili pa 1000 imachedwa kumva.

Wophunzira

Transistor ndi pulogalamu ya a Kambalame zathetsa kunjenjemera ndi kusasa, mawu akuterereka bwino kuchoka pansi mpaka pamwamba. Zikomo nonse. Ndikufuna kusamutsira zimenezi pa ESP32, bolodi lina lokhala ngati Uno, kuti ndidzawonjezere Wi-Fi. Mawaya akhale chimodzimodzi?

Gologolo

Ayi, potentiometer isapitenso ku 5V. Mapini a ESP32 ndi a 3.3V, ndipo mukatembenuza mpaka kumapeto mwendo wapakati upereka 5V yonse ku pini. Ilumikizeni ku 3V3. Mwendo wapakati upite pa pini ya ADC1, pakati pa GPIO32 ndi GPIO39, chifukwa za ADC2 sizimawerenga Wi-Fi ikayaka. GPIO34 ndi yabwino pa potentiometer, koma kuyambira 34 mpaka 39 ndi zolandira zokha, buzzer siingalire pamenepo, ipatseni ngati GPIO25.

analogRead ikupatsani 0 mpaka 4095, ndiye 1023.0 ija ikhale 4095.0, mpata wa 4 ukwere kufika pa 20 kapena 30 chifukwa ADC ya ESP32 imavina kuposa ya Uno, ndipo malire a chete akwere kufika cha pa 50. Mudzaonanso kuti kumathero onse awiri kuli kadera kakufa: pansi imakhala pa 0 kufikira magetsi atakwera pang'ono, pamwamba imafika pa 4095 potentiometer isanathe kuzungulira. Capacitor ya 100 nF ikhalebe, pafupi ndi pini.

Mbali ya buzzer ikhoza kukhalabe pa 5V popeza transistor ya NPN yalekanitsa ziwirizi, bola GND ikhale imodzi. Resistor ya ku base itsike kuchoka pa 1k kufika pa ma ohm 470, kuti 3.3V ipereke pafupifupi 5.5 mA ndipo transistor itsegukiretu. Pulogalamu ya Timer1 ija siigwira pa ESP32, kumeneko mawu amapangidwa ndi LEDC, gawo lake lotulutsa PWM, ndipo ledcWriteTone ndi imene imalowa m'malo. Onani kaye version ya Arduino core imene mwaika musanakopere zitsanzo: za 2.x zimayamba ndi ledcSetup ndi ledcAttachPin, pomwe kuyambira 3.0 awiriwo anachotsedwa, pali ledcAttach imodzi yolandira pini, frequency ndi resolution.